Handibuleki Yomwe Sinalire

Moni nonse okondedwa, kulikonse kumene nkhaniyi yakupezani. Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu, amene amasunga alendo m'dziko la eni, ndipo saiwala munthu ngakhale atatsekeredwa m'chipinda chopanda zenera. Zomwe ndikufuna kukusimbirani zinachitika ku Doha m'chaka cha 2016, nyengo yotentha ija imene chitsulo chosiyidwa padzuwa chimawotcha dzanja ngati mbaula.

Lachisanu, tsiku lopuma kumeneko, mapemphero a kutchalitchi atatha, bambo Stanislaus Mbewe anapeza mayi wovala mpango wakuda akuwadikira pokwerera basi. A Mbewe kwawo kunali ku Katete, ku Zambia. Ankayang'anira chitetezo cha antchito pa kampani ina yomanga ku Al Mirqab, ndipo analinso mkulu wa kampingo ka anthu olankhula Chichewa. Poti ntchito yawo inali yofufuza chochititsa ngozi, anthu ankawatulira ngakhale milandu yosakhudza kampani.

"Ndinu a Mbewe? Ine ndine Mwanaidi, ndimaphika m'nyumba ina ku Fereej Al Murra. Sindine wa tchalitchi chanu, koma andiuza kuti inu simusankha."

"Dzuwa ilinso silisankha, mayi. Tiyeni pamthunzi."

Mayiwo anafotokoza mwachangu. Bwana wawo, Baba Hamadi, injiniya wopuma pantchito, ankamanga kagalimoto ka anthu awiri kuchokera ku zitsulo zobwera m'mabokosi, kopanda denga, kopanda zitseko. Womuthandiza anali Chester Daka, makaniko wa ku Lusaka. Galaja ya nyumbayo inali pansi pa nthaka, ndipo polowera pake panali potsetsereka. Lachitatu m'mawa kagalimoto kaja, kataimitsidwa pamwamba, kanatsetsereka n'kukapanikiza mwendo wa Chester kukhoma. Mkazi wa bwanayo, ali pazenera la m'mwamba, anaona Yasini, dalaivala wa panyumbapo, dzanja lili pa handibuleki galimoto ikuyenda.

"Apolisi anamutenga tsiku lomwelo. Akuti mlandu ukalowa kukhoti sabata yamawa ndi ndende, kenako kumudipota. Mwana wa kwathu ku Namwera ameneyu, a Mbewe. Ngakhale nkhuku amaopa kupha."

"Nanga n'chifukwa chiyani akuganiza kuti anachita dala?"

Mayi Mwanaidi anayang'ana pansi. "Anakangana. Chester anatenga kabirika ka Yasini, kamene amasambira asanaswali, n'kuthiriramo oyilo wakuda. Yasini anapsa mtima. Anamuuza aliyense akumva kuti, tsiku lina kagalimoto kakoko kadzakuponda."

* * *

Masana omwewo anawalola kumuona Yasini kwa kanthawi. Anali mwamuna wowonda, wa ndevu zochepa, maso atafiira.

"Mawu ndinanenadi, achimwene, sindikana. Pakamwa pandipha. Koma walahi, galimoto ija ndinkaiimitsa."

"Yambani poyambira."

"Ndinali pakhomo la khitchini, ndikumwa madzi. Chester anakweza galimoto pamwamba kuti aione bwino padzuwa, anazimitsa, n'kutsikira kugalaja kukatenga masipanala. Ndikucheuka, ndikuona matayala akuyenda okha, pang'onopang'ono, ngati ng'ombe yopita kudambo. Ndinataya kapu n'kuthamanga. Handibuleki inali itagwa. Ndinaikoka, galimoto inachepa liwiro, koma sinagwire. Ndinapunthwa, dzanja linachoka, handibuleki n'kugweranso pansi. Basi, halasi."

"Munamva chiyani m'dzanja pokoka?"

"Kufewa. Komanso nsalu."

A Mbewe anadzutsa mutu. "Nsalu yanji?"

"M'munsi mwa chogwirira munali mokutidwa nsalu. Mtundu sindinauone, maso anali pa Chester. Ndinawauza apolisi, anapita kukayang'ana, anabwerako akuti mafi, palibe nsalu, chitsulo chili pamtetete. Tsopano ndine wabodza pamwamba pa kukhala wakupha."

A Mbewe anamugwira phewa. "Inu swalini mwa chikhalidwe chanu, ine ndipemphera mwa changa. Womva ndi mmodzi."

Potuluka, funso linali limodzi m'mutu mwawo. Ngati Yasini sankanama, wina anafika pa galimotoyo pakati pa ambulansi ndi apolisi.

* * *

Loweruka m'mawa anapita kuchipatala. Chester anali chigonere, mwendo uli m'chikhakha kuyambira kuphazi mpaka m'ntchafu. Anali mnyamata wa nthabwala, woimba besi m'kwaya ya kampingo ka a Mbewe, koma tsikulo kuseka kwake kunali kouma.

"Ba Mbewe, mwabwela kuona motoka yamene yagwa injini? Nili che bwino. Adokota akamba ati nizayenda, koma bola, mpila wa miyendo, yeve niibaleko."

"Tithokoze kuti waphwanyika mwendo, osati chifuwa. Handibuleki unakoka?"

"Ninadonsa. Nine makanika, ningaibale bwanji?"

"Inagwira?"

Chester anayang'ana kudenga. "Ninaona monga yagwila."

"Yasini akuti panali nsalu."

"Nyula? Awe. Sininaone."

Anayankha msanga kwambiri, ngati munthu amene wakhala akuyembekezera funsolo usiku ndi usana. A Mbewe sanakakamize. Anangotenga dzanja la mnyamatayo kuti apemphere, ndipo anaona chilonda chachitali pa zala ziwiri, chitayamba kale kuuma.

"Ichi si cha Lachitatu."

"Ni meno ya handibuleki. Yali poyela, manje ukadonsa mofulumila yakuluma. Ninauza Baba kuti tivalepo kava, koma yeve afuna che chikumba chofiila cha ku Italy, ati tiyembekeze."

"Ukukhulupirira kuti Yasini anafuna kukupha?"

"Sininakambe zimenezo kuli bakapokola, bapolisi baja. Ninakamba che ati sininaone."

"Kusaona kwako kwamutsekera mnzako m'chitokosi, mwana wanga."

Chester anatembenukira kukhoma. Pa kabati ya pambali pa bedi panali kambale ka chakudya kobwera kuchokera kunyumba. Chivundikiro chake chinali chomangidwa ndi legeni, kamzere ka mphira kodulidwa ku chubu cha njinga, kozungulizidwa mwaluso, nsonga yake yolowetsedwa pansi popanda mfundo. A Mbewe anali asanaonepo kamangidwe kotero chichokere kumudzi.

"Wakutumizira chakudya ndani?"

"Ba kunyumba," anatero Chester, osatembenuka.

* * *

Baba Hamadi anawalandira pageti atavala mkanjo woyera wothimbirira girisi m'manja. Anali nkhalamba yaulemu, yolankhula Chingerezi chodekha.

"Ndamva kuti ndinu wa sefite. Yang'anani momwe mungafunire. Yasini wandiyendetsa zaka zambiri, ndipo mtima wanga ukukana. Koma mkazi wanga anaona zomwe anaona, ndipo handibuleki ndaiyesa ndekha apolisi ali pompo. Ilibe vuto."

Kagalimotoko kanali m'galaja, kobiriwira, kofupika ngati bwato, kumbuyo kutaphwanyika pang'ono. Pakati pa mipando iwiri panali handibuleki yopanda chophimba. Zonse zinkaoneka: chitsulo chokhala ndi mano ngati sowo, kambedza kamene kamagwera m'manomo kuti chogwirira chisabwerere, ndi mawaya opita ku matayala. A Mbewe anakoka. Inalira mokweza m'galaja monse, kerekete-kerekete, n'kugwira nganganga.

"Mwaona?" anatero Baba.

A Mbewe anagwada n'kuyatsa tochi ya pafoni. Pa chitsulo chowala cha chogwirira panali timizere takuda tozungulira, tomata tikakhudzidwa. Ananunkhiza chala: mphira wopsa ndi dzuwa. Pakati pa mano awiri panakanirira kaulusi kofiirira. Anakachotsa ndi nsonga ya kiyi n'kukaika m'thumba la malaya.

"Inuyo Lachitatu m'mawa munalowa muno?"

"Ayi. Ndinali kumzikiti, kenako kwa mchimwene wanga. Ndinabwera ataniimbira."

Anawapempha kuti akalankhule ndi antchito. Khitchini inali kumbuyo, zenera lake loyang'ana potsetsereka paja. Mayi Mwanaidi ankasenda anyezi.

"Ndinawauza apolisi kuti Yasini anali apa pakhomo, koma akuti ndikuikira kumbuyo wakwathu. Ndiye ndinangokhala chete, ine ndani."

"Galimoto itakwera, munamva chiyani?"

"Phokoso lake lija, ngati chigayo. Kenako zii."

"Kenako?"

Mayiwo anaimitsa mpeni. "Dikirani. Tsiku lililonse akazimitsa, ndimamva kerekete-kerekete, ndiye ndimadziwa kuti aima, nditereke tiyi. Chester ndi tiyi wake sasiyana. Lachitatu ndinadikira kuti ilire, sinalire. Ndinaganiza kuti abwereranso pansi. Tiyi sindinatereke n'komwe."

"Ndipo nthawi imeneyo Yasini anali kuti?"

"Pamene mwaimapo, kapu ili kukamwa."

A Mbewe anapumira m'mwamba. Handibuleki inali italephera kugwira Yasini asanasunthe phazi. Potuluka anapunthwa pa mopu yotsamira khoma. Mtengo wake unathyokapo kale, ndipo unali wolumikizidwa ndi malegeni, ozungulizidwa bwinobwino, opanda mfundo. Paipi yothirira maluwa inalinso chimodzimodzi. Ngakhale chivundikiro cha bini chinali ndi legeni wake.

"Amamanga chonchi ndani panyumba pano?"

Mayi Mwanaidi anaseka. "Walije, wochapa ndi kusita. Bambo ake anali a kabaza ku Dedza. Amati kunyumba kwawo chinthu sichitayidwa ngati chubu chilipo. Tsiku lina adzatimanga ndi ife tomwe."

Kuseka kuja kunazima pamene anaona nkhope ya a Mbewe.

* * *

Walije Kamwendo anali wa mpingo wawo, woimba alito, ndipo Lachisanu malo ake m'kwaya anali opanda munthu. Anamupeza m'kachipinda kositira, akung'ung'udza nyimbo ya pa Mgonero. Atawaona anazimitsa simbi n'kugwada.

"Takulandirani, abambo."

"Dzuka, mwana wanga, khala pampando. Dzulo tinakusowa."

"Mutu unkandipweteka."

A Mbewe anatulutsa kaulusi kaja n'kukaika pa nsalu yoyera imene ankasita. Mtsikanayo anakayang'ana nthawi yaitali, kenako misozi inayamba kudontha pa nsalu ya abwana.

"Sindinadziwe, abambo. Mulungu ndi mboni, sindinadziwe."

"Ndikudziwa kuti sunadziwe. Ndiuze."

"Chala cha a Chester chinachekeka mpaka mnofu kuonekera. Ndinawamanga ndine. Anati bwana akudikira chikopa, mwina mwezi wamawa. Ndinati m'mtima, mpaka nthawi imeneyo zala zidzatsala zingati? Kwathu mpeni ukaguluka chigwiriro timakulunga kansanza n'kumanga legeni. Chishalo cha njinga chikang'ambika, chimodzimodzi. Ndiye Lachitatu m'mamawa, ndikukolopa m'galaja, ndinang'amba chitenje changa chakale, ndinakuta mano aja onse kuti asaonekenso, n'kumanga zolimba. Ndinkati ndiwasangalatse."

"Ndipo ngozi itachitika?"

"Onse anathamangira ambulansi kugeti. Ine ndinayang'ana m'galimoto, ndinaona nsalu yanga itadyedwa ndi mano, ndipo mtima unandiuza pompo. Ndinadula malegeni n'kuibisa. Ndimati angonena kuti ndi ngozi. Sindinaganize kuti atenga a Yasini." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Chichokereni iwo chakudya sichikutsika. Ndikatsegula pakamwa kuti ndipemphere, mawu akumathera m'khosi."

"Nanga bwanji sunanene?"

Anatsitsa mawu. "Adzafunsa kuti wantchito wamkazi zala za makaniko zikumukhudza bwanji. Mukudziwa malamulo a kuno, abambo. Mwamuna ndi mkazi osakwatirana, m'nyumba imodzi. Sitinachite choipa chilichonse. Amalume anga ndi akwawo a Chester akhala akulankhulana pafoni, tikufuna ukwati woyera tikapita ku holide. Koma ndani adzatikhulupirira? Adzatitsekera tonse awiri."

Tsopano a Mbewe anamvetsa kukhoma kumene Chester anatembenukira. Mnyamatayo anaiona nsalu m'mawa uja, anazindikira mwini wake, ndipo m'malo moichotsa monga makaniko, anaisiya monga wachikondi.

"Walije, sindingakulonjeze kuti zikhala zopepuka. Ndinganame. Koma munthu wosalakwa akugona pa simenti chifukwa cha nsalu yako ndi chete wa Chester, ndipo banja lomangidwa pamwamba pa zimenezo silidzagona tulo. Ine sindikakuneneza. Ukanena wekha. Koma ndikaima pambali pako ngati nkhoswe, ndipo ndikauza aliyense wofunsa kuti mpingo ukudziwa za chitomero chanu, chifukwa kuyambira lero ukudziwadi."

Kunja makina oziziritsa mpweya ankangolira. Mtsikanayo anaimirira, anapita pa sutikesi yake kuseri kwa chitseko, n'kutulutsa kansalu kofiirira kong'ambika pakati, malegeni akulendewera.

"Baba ali kuti?" anafunsa.

* * *

Anaikira matayala njerwa kutsogolo ndi kumbuyo, ngakhale m'galajamo munali mosatsetsereka. Baba Hamadi ndi mkazi wake anaima chapatali, mayi Mwanaidi ali pakhomo ndi mpeni wa anyezi udakali m'manja. Walije anagwada pakati pa mipando n'kumanganso nsaluyo monga anachitira Lachitatu.

"Kokani, Baba," anatero a Mbewe.

Nkhalambayo inakoka. Chogwirira chinakwera mwakachetechete, popanda kulira, n'kuima m'mwamba ngati chagwira.

"Kambedza kakhala pa nsalu, osati m'mano," anatero a Mbewe. "Ndipo mphira ukukokera pansi. Tiyeni tidikire."

Sanadikire nthawi yaitali. Baba anangotsamira galimoto ndi bondo, ndipo chogwirira chinagwa chokha, phwa.

Mkazi wa Baba anagwira pakamwa. Analankhula ndi mwamuna wake m'Chiarabu, mawu othamanga, maso ali ndi misozi. Baba anamasulira: "Akuti anaona dzanja, koma sanaone kuti likukokera kuti."

Walije anafotokoza zonse, mutu uli pansi, osabisa ngakhale za Chester. Atamaliza, a Mbewe ananena mbali yawo ya unkhoswe. Baba anakhala pa bokosi la zitsulo, akuyang'ana handibuleki ija kwa nthawi yaitali.

"Kubisa nsalu unalakwa, mwana iwe, ndipo ukanena wekha kupolisi," anatero pomaliza. "Koma chitsulo cha mano ndinachisiya poyera ndine. Mnyamata anandionetsa magazi pa zala zake, ine n'kumuuza za mtundu wa chikopa. Zimenezonso ndikanena ndekha. Za ukwati wanu, m'nyumba mwanga sindinaonemo choipa, ndipo wondifunsa ndidzamuyankha choncho. Yala, tiyeni. Tidzere kuchipatala, makaniko wanga akakumbukire zomwe anaona."

Chester sanafunikire kukumbutsidwa. Atangoona Walije akulowa ndi nsalu m'manja, anaphimba nkhope ndi pilo, ndipo sitetimenti yake yatsopano anaipereka akulira ngati mwana.

* * *

Yasini anatuluka mlandu usanafike kukhoti. Walije anadzudzulidwa kolimba, ndipo panali masiku amene tonse tinkaopa kuti amukweza ndege, koma Chester anakana kudandaula ndipo Baba anamuimira mpaka nkhani inatsekedwa ngati ngozi.

Tsiku limene Yasini anafika panyumba, Walije anamugwadira pabwalo, pa simenti yotentha.

"Dzukani, chemwali, mupsa mawondo," anatero Yasini. Sanamwetulire. "Ndikanama ndikati sizinandipweteke. M'mene muja ndinkaganiza za ana anga, kuti adzamva kuti bambo awo ndi chigawenga. Inu munali pano, mukudziwa."

"Ndinali pano, ndikudziwa," anavomera Walije.

Yasini anamuyang'ana, kenako anayang'ana kumwamba. "Nanenso ndinatemberera munthu chifukwa cha kabirika. M'chitokosi ndinali ndi nthawi yokwanira yokambirana ndi lilime langa. Zatha. Koma mukamuuze wopunduka wanuyo kuti birika latsopano ndikulifuna, ndipo lisakhale lomanga ndi malegeni."

Chester atatuluka m'chipatala, akuyenda ndi ndodo, anapanga chophimba chenicheni iye ndi Baba. Anapinda lata la aluminiyamu ngati kabokosi, n'kulimanga ndi mabawuti ku chimango cha galimoto, motalikira zala ziwiri kuchokera ku mano, ku kambedza ndi ku mawaya, kuti pasakhale chokhudza chitsulo choyenda. Pamwamba anasiya mpata woti chogwirira chizikwera ndi kutsika momasuka. Chikopa cha ku Italy chinali chisanafikebe, ndiye Baba anagula chakuda wamba kumsika. Anachipereka kwa Walije kuti asoke kathumba kotakasuka kovala chogwiriracho, ndipo m'mphepete mwake anakapanikiza kunja kwa lata, kuti ngakhale katakwinyika kasalowe m'kati.

Atamaliza, anakankhira galimoto pamwamba pa potsetsereka paja, njerwa zili kuseri kwa matayala, pansi popanda munthu. Baba anatambasula dzanja kuti akoke, koma anasintha maganizo.

"Yasini, bwera. Koka ndiwe."

Yasini anapukuta dzanja pa thalauza, anawerama, n'kukoka. Kerekete-kerekete. Anachotsa njerwa. Chester anakankha galimoto ndi ndodo yake, Baba anaigwedeza ndi manja awiri. Galimoto sinasunthe.

Kuchokera pa zenera la khitchini kunamveka mawu a mayi Mwanaidi: "Ndamva. Tiyi akubwera."

Okondedwa, Mulungu amene anamutulutsa Yasini ndi kumasula lilime la Walije akusungeni inunso kumene mukugwira ntchito. Adalitse manja anu pa zimene mumanga ndi zimene muphimba, akupatseni mtima wonena zoona pamene mnzanu akuvutika, ndipo nthawi yake ikakwana akufikitseni kwanu muli amoyo. Mtendere ukhale nanu. Amen.